Tifunseni za Malamulo: Ndewu Ikafika Kukhoti

Makalata a mwezi uno ambiri achokera ku Zomba, ndipo pafupifupi onse akununkha magazi: wina wamenyedwa, wina watemedwa, wina wafa. Tasankhapo asanu ndi imodzi, mayina tachotsa. Magawo amene titchule ndi a m'buku la malamulo a milandu la Penal Code, pokhapokha titanena kuti ndi a buku lina.

Anangopereka chingwe

*Mwana wanga wa zaka 23 amapalasa kabaza. Tsiku lina m'mamawa anthu anagwira mnyamata amene akuti anathyola okala. Gulu linayamba kumumenya. Mwana wanga akuti anangopereka chingwe chomangira katundu pa njinga kuti amumange manja, ndipo anamuponda kamodzi kokha. Wakubayo anamwalira kuchipatala patatha masiku anayi. Agwidwa anthu atatu okha, wanga ali momwemo, ndipo akuti mlandu ndi wakupha. Zingatheke bwanji, poti amene anamenya ndi njerwa m'mutu akungoyendayenda? — Mayi wosweka mtima, Chinamwali*

Pepani amayi. Tikuuzani mosapsatira mawu: zimatheka.

Lamulo silisaka amene adaponya njerwa yomaliza. Gawo 21 limati wopalamula si yekhayo amene wachita chinthucho ndi manja ake. Amene wathandizira, amene wachitapo kanthu kuti mnzake akwanitse, ngakhale amene wachemerera kuti "mumalizeni ameneyo", onse amazengedwa mlandu umodzimodzi. Munthu womangidwa manja sangathawe, sangaphimbe mutu njerwa ikamabwera, ndipo loya wa boma adzakakamira pomwepo. Gawo 22 limaonjezera kuti anthu akagwirizana kuchita chosaloledwa, pochita chimenecho n'kubadwa mlandu umene umaonekeratu kuti ungabadwe, onse amausenza. Mgwirizano umenewu sulira kupangana dzulo lake. Umatha kuyambira pompo, wina atakuwa kuti "wakuba!" ena n'kutola miyala.

Masiku anayi aja musawadalire. Ambiri amayesa kuti munthu akafera kuchipatala ndiye kuti mlandu wapepuka, koma gawo 215 lidatseka khomo limenelo. Wovulaza mnzake amawerengedwa kuti ndiye wapha ngakhale wovulalayo atafa ndi opaleshoni imene madokotala adamuchita moyenera pofuna kumupulumutsa, ngakhale atakana yekha chithandizo, ngakhale atakhala kuti ankadwala kale ndipo kumenyedwako kwangofulumizitsa imfa. Gawo lomweli limakhudzanso munthu amene, pothawa chikwanje, wadziponya mu mtsinje wa Likangala madzi atadzadza n'kumira. Woyankha mlandu ndi wothamangitsayo.

Polimbira pali pa zimene zidali mumtima mwa mwana wanu. Kuti mlandu ukhale wakupha mwadala pansi pa gawo 209, boma liyenera kutsimikizira khoti, mosasiya chikaiko chomveka, kuti iye adafuna kupha kapena kuvulaza modetsa nkhawa, kapena ankadziwa kuti zochitikazo zithera komweko koma osalabadira. Zimenezi zili m'gawo 212. Zikapanda kutsimikizika, mlandu umatsikira pa kupha mosakonzekera, gawo 208. Komanso kugwira wakuba pakokha si kulakwa: munthu wamba amaloledwa kugwira woganiziridwa mlandu waukulu, bola amupereke kupolisi mosazengereza. Ndiye nkhani yonse yagona pa chingwe chija: chidatuluka liti, ndipo chifukwa chiyani? Ngati chidatuluka kumenya kusanayambe, mwana wanu akuti "timutengere kupolisi", ndipo alipo amayi a mandasi kapena anzake a kabaza amene adamva, nkhani ndi ina. Ngati chidatuluka munthu ali kale pansi, magazi ali chuchuchu, nkhani ndi inanso. Kuponda kuja, ngakhale kamodzi, kukumuika m'gulu la omenya, ndipo loya wake atuluka nako thukuta.

Zakuti ena akuyendayenda sizichotsa kanthu pa amene agwidwa. Mlandu suola, wojambula pa foni sasowa, ndipo khoswe wa padenga amaulula wa padzala.

Chilango chachikulu cha kupha mwadala ndi imfa kapena kukhala kundende moyo wonse. Kale woweruza adalibe kuchitira mwina koma kugamula imfa. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, khoti lalikulu lidati kukakamiza chilango chimodzi kwa aliyense n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kutsatira chigamulocho, kuyambira 2015 akaidi amene ankadikira chingwe ku ndende yaikulu ya Zomba adamvedwanso za chilango chawo, ndipo ambiri adatuluka. Chilango cha imfa chikadali m'buku, koma kuchokera 1992 palibe wanyongedwa m'dziko muno. Lero woweruza amayeza msinkhu wa munthu, ngati n'koyamba kupalamula, ndi kukula kwa mbali imene adatengapo.

Tsopano zoti muchite. Apolisi kapena majisitireti sangapereke belo pa mlandu wakupha. Mphamvu imeneyo ili ndi khoti lalikulu lokha, ndipo ku Zomba lilipo. Pempho limalembedwa ndi loya. Ngati mulibe ndalama, pitani ku ofesi ya ku Zomba ya Legal Aid Bureau, bungwe la boma lopereka maloya kwa osowa ndalama. Konzani achibale awiri okhazikika, okhala ndi chiphaso cha unzika ndi katundu wodziwika, oti akamuimire. Werengani masiku: munthu womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo pa mlandu wakupha lamulo limalola masiku 90 pa limandi mlandu usanayambe, pokhapokha khoti litaonjezera. Masikuwo akadutsa, loya amakhala ndi poyambira pempho la belo. Osangokhala chete, chifukwa limandi imaiwalitsa munthu. Lembani lero mayina a mboni zimene zidaona chiyambi cha nkhaniyi, mupatse loya, koma inu musaziuze zokanena.

Chomaliza, mukapita kukamuona muuzeni asasaine kapena kudinda chala pa sitetimenti imene sanawerengeredwe m'chilankhulo chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete. Malamulo a umboni a kuno amalola khoti kulandira chivomerezo ngakhale mwini wake atanena kuti adakakamizidwa. Khoti limachita kuunika pambuyo ngati zili m'menemo n'zoona. Chala chikadindidwa, kuchifafaniza n'kovuta.

Mwini diso adakhululuka

*Mng'ono wanga anakangana ndi mnzake pa mowa chifukwa cha ngongole ya K5,000. Anamumenya ndi botolo kumaso, diso lamanzere linaphulika. Ife akubanja tinapita kwa amfumu, tinapepesa, tinapereka mbuzi ziwiri ndi ndalama za kuchipatala. Wovulalayo anakanena yekha kuti wakhululuka, koma mlandu ukupitirirabe. Mwini diso akakhululuka, boma likufunanso chiyani? — Mkulu wake, Jali*

Achimwene, tayang'anani pamwamba pa pepala la mlandu. Palembedwa Republic, kenako dzina la mng'ono wanu. Dzina la mwini diso likupezeka pa mndandanda wa mboni. Pa mlandu wotere wozenga ndi dziko, ndipo mboni singatseke mlandu umene si wake.

Milandu ya ndewu ili ngati makwerero, ndipo chimene chimaika munthu pa sitepe yake kwenikweni ndi lipoti la dokotala. Pansi penipeni pali gawo 253: khofi, kukankha, kuopseza ndi chibakera, popanda chovulala. Chilango sichipitirira chaka chimodzi. Pakakhala kutupa, mikwingwirima kapena kamfuno, ndi gawo 254, zaka mpaka zisanu. Khungu likang'ambika kapena kubooka, monga ndi mpeni, lumo kapena phale la botolo, limenelo ndi bala pansi pa gawo 241, zaka mpaka zisanu ndi ziwiri. Diso lophulika lili pamwamba pa zonsezi. Kulumaza chiwalo, kuononga maso kapena makutu, kusiya chilema chosachoka, kapena kuvulaza moika moyo pachiswe, ndiko kuvulaza modetsa nkhawa, gawo 238, zaka mpaka 14. Ndipo boma likatsimikiza kuti munthu adachitiradi dala kuti alumaze, monga kuyamba waswa botolo pakhoma kenako n'kuloza kumaso, limatha kugwiritsa gawo 235, limene chilango chake chimafika moyo wonse. Funsani mng'ono wanu bwinobwino ngati botolo lidali lamphumphu kapena adayamba waliswa, chifukwa mboni zidzafunsidwa zimenezo.

Kuyanjana lamulo limakudziwa. Gawo 161 la buku la kazengedwe ka milandu, Criminal Procedure and Evidence Code, limalola majisitireti kulimbikitsa mbali ziwiri kugwirizana, wolakwa n'kupereka chipepeso, mlandu n'kuimitsidwa. Koma mwayi umenewu ndi wa milandu ya pansi pa makwerero, yosaopsa. Diso silikwana m'menemo. Woti n'kuimitsa mlandu ngati uwu ndi mkulu wozenga milandu ya boma, ndipo pa chilema chotere musayembekezere zambiri.

Mbuzi zanu sizidapite pachabe ayi. Zimagwira ntchito pa nthawi yopempha kuti chilango chichepe. Pemphani amfumu alembe kalata yokhala ndi chidindo yofotokoza tsiku, zimene zidaperekedwa ndi amene adalipo. Sungani malisiti a mankhwala ndi a thiransipoti. Wovulalayo atha kudzanena yekha m'khoti kuti adalandira. Kuvomera mlandu msanga, ngati umboni uli poyera, makhoti amakuwerengera, ndipo nthawi zambiri kumadula chilango mpaka limodzi mwa magawo atatu. Wopalamula koyamba lamulo limafuna kuti khoti liyambe laganiza njira zina lisanamutumize kundende, komabe pa diso lotayika ndende ndi yovuta kuizemba.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene mabanja amagwa nacho. Kupepesa n'kololedwa. Kupereka ndalama kuti mboni isabwere kukhoti, ithawire ku Mozambique kwa achibale kapena isinthe mawu, ndi mlandu wina watsopano, ndipo umagwera inu amene mwapereka.

Wakuba m'munda

*Chaka chino akuba anatithyolera mondokwa pafupifupi theka la munda. Bambo anga anayamba kugona komweko. Usiku wina anapeza munthu akuthyola. Atawaona anataya thumba n'kuliyatsa liwiro. Anamuthamangitsa n'kumutema ndi chikwanje pamsana ndi kuseri kwa mwendo. Sanafe. Tsopano onse awiri ali ndi milandu. Kodi munthu alibe ufulu woteteza munda wake? — Mwana wawo wamkazi, Thondwe*

Ali nawo, achemwali, ndipo gawo 17 limavomereza kudziteteza, kuteteza munthu wina ndi kuteteza katundu. Tikumvetsa ululu wa kulima chaka chonse, feteleza wa ngongole, wina n'kudzakolola usiku. Koma ufulu umenewu uli ndi muyeso, ndipo khoti limafunsa ziwiri: kodi pa mphindi imene chikwanje chinkatsika, chiopsezo chidalipobe? Nanga mphamvu imene idagwiritsidwa ntchito idali yolingana ndi chiopsezocho?

Apa mboni yoopsa kwambiri kwa bambo anu si wakubayo. Ndi mabala ake. Munthu amene ankalimbana nawe amavulala kutsogolo: m'manja, m'mikono, pachifuwa. Bala la pamsana ndi la kuseri kwa mwendo limanena lokha kuti munthuyo adali atatembenuka. Thumba lotayidwa nalonso likuchitira umboni kuti chimanga chidali chitapulumuka kale. Kuyambira pamenepo lamulo siliona kuteteza, limaona kulanga, ndipo kulanga ndi ntchito ya khoti. Kuthamangitsa, kugwetsa, kumanga ndi kukuwa kuti anthu abwere kukadaloledwa. Kutema ayi.

Zikadakhala kuti wakubayo adatembenuka atasolola mpeni, kapena adalipo angapo akuwazungulira mumdima, yankho likadasintha. Munthu sayembekezeredwa kudikira kuti abayidwe kaye, ndipo khoti limadziwa kuti wamantha usiku sayeza mphamvu pa sikelo. Woimbidwa mlandu akangoonetsa maziko a kudziteteza, udindo wogwetsa mfundoyo umakhala wa boma. Choncho ngati pali chilichonse chotere, monga chida chimene chidatoledwa m'munda, malaya ong'ambika kapena bala pa thupi la bambo anu, chifike kwa loya msanga, ndipo bambowo apimidwe kuchipatala mabala asanapole. Ngati palibe, musapeke. Kuba kobwerezabwereza kuja, makamaka ngati kudanenedwa kwa amfumu kapena kupolisi, kukambidwe pochepetsa chilango.

Anaputidwa, analedzeranso

*Amalume anga anapeza akazi awo ndi mwamuna wina m'nyumba cha m'ma 10 koloko m'mawa. Anatuluka, anakamwa kachasu, madzulo anakamupeza mwamunayo pa msika n'kumubaya, anafera pomwepo. Anthu akuti mlandu ulibe mphamvu chifukwa anaputidwa komanso anali ataledzera. N'zoona? — Wachibale, Chingale*

Si zoona. Kuputidwa, pansi pa magawo 213 ndi 214, sikumasula munthu. Kumangotsitsa mlandu kuchoka pa kupha mwadala kufika pa kupha mosakonzekera, umene chilango chake chachikulu ndi moyo wonse kundende. Ndipo kumagwira ntchito pokhapokha munthu wapha mtima uli chiwirire, usanapeze mpata wozizira, pa chinthu chimene chikadasokoneza munthu wamba wa m'dera lakelo. Akadabaya pomwepo pakhomo, loya akadakhala ndi poima. Kuchokera 10 koloko mpaka madzulo, kukatenga mpeni, kusakasaka munthu pa msika: loya wa boma adzayala maola amenewo limodzilimodzi ngati umboni wa kukonzekera.

Mowa womwa wekha si chodzitetezera. Gawo 13 limaulandira ngati munthu adamwetsedwa mosadziwa kapena mosafuna ndi wina, kapena ngati udamufikitsa pa misala yeniyeni, yosadziwa chimene akuchita. Khoti limathanso kuunika ngati kuledzera kudali kwakuti munthu sakadatha kukhala ndi cholinga chopha. Koma woledzera amene wakumbukira mdani wake, njira ya kumsika ndi pamene pali mpeni, n'kovuta kunena kuti mutu sunkagwira. Ngati amalumewo ali ndi mbiri ya matenda a muubongo, perekani mabuku awo a kuchipatala kwa loya; khoti limatha kulamula kuti akapimidwe ku Zomba Mental Hospital.

Amandimenya, ankhoswe akuti pirirani

*Amuna anga amandimenya akamwa. Sabata yatha anandithyola dzino n'kundikaba pakhosi. Ankhoswe akuti banja ndi kupirira. Ndikufuna kukanena koma sindikudziwa poyambira, ndipo ndikuopa kuti akamangidwa ana adya chiyani. — Mayi wa ana atatu, Matawale*

Amayi, yambani ndi khosilo. Kukabidwa pakhosi ndi chizindikiro choopsa kuposa dzino, chifukwa apo imfa imakhala pafupi zedi. Ngati mawu asasa, kumeza kukuwawa kapena mukumva chizungulire, pitani kuchipatala lero, ngakhale kunja kusakuoneka bala.

Ukwati supatsa munthu chilolezo chomenya. Magawo onse amene tafotokoza kwa achimwene a ku Jali amagwira ntchito m'nyumba chimodzimodzi ndi pa mowa. Ankhoswe ntchito yawo ndi kuyanjanitsa, koma alibe mphamvu yoletsa inu kukadandaula.

Pitani kupolisi ya kufupi, mufunse ofesi ya Victim Support Unit. Akupatsani kalata yopita nayo kuchipatala kuti dokotala alembe lipoti. Ngati mwavulala kwambiri, yambani kuchipatala, kalata ibwere pambuyo. Muuzeni dokotala chilichonse, ndipo onetsetsani kuti dzino ndi khosi zonse zalembedwa, chifukwa chosalembedwa kukhoti chimakhala ngati sichidachitike. Jambulitsani mabala pa foni ya munthu wodalirika, osati yanu ngati bambowo amaigwira, tsiku loyamba komanso patatha masiku awiri kapena atatu mikwingwirima itada. Zovala za magazi musachape. Ziumitseni, muzisunge mu pepala kapena katoni, chifukwa mu jumbo zimachita nkhungu. Mauthenga oopseza musafufute.

Pa nkhawa ya ana, dziwani kuti ndende si njira yokhayo. Lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja la 2006, Prevention of Domestic Violence Act, limalola majisitireti kupereka chiletso choti munthu asakumenyeni, asakuopsezeni kapena asakuyandikireni, ngakhalenso kulamula kuti iye ndiye atuluke m'nyumba inu ndi ana mutsale. Pakakhala changu, chiletso chongoyembekezera chimatha kutuluka iye asanamvedwe. Akachiphwanya, wapalamula mlandu. Za chithandizo cha ana muthanso kuzipempha kukhoti. Chimene chimafooketsa milandu yotere n'chakuti mayi amadandaula lero, achibale n'kumuzinga, mawa n'kukanena kuti adagwa pa mjigo. Pezani munthu mmodzi wa kwanu woti aziyenda nanu ulendo uliwonse.

Mwala wa mwana

*Mdzukulu wanga wa zaka 12 anagenda mnzake pochokera kusukulu, anamuphwanya pachipumi mpaka kusokedwa. Makolo ake akuti amumangitsa. Mwana angapite kundende? — Agogo, Domasi*

Ayi agogo, mwana satumizidwa kundende. Pansi pa gawo 14, wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu uliwonse. Wa zaka zoyambira 10 koma wosakwana 14, monga mdzukulu wanu, amazengedwa pokhapokha boma litatsimikiza kuti pa nthawiyo ankatha kuzindikira kuti sayenera kuchita zimenezo. Nkhani yake imayendera lamulo la ana la 2010 ndi khoti la ana, inu kapena kholo muli pambali pake, ndipo sayenera kusungidwa pamodzi ndi akuluakulu. Pa bala lotere, mwana ali woyamba kulakwa, kawirikawiri nkhani imapatutsidwa osafika pa kuzenga: kupepesa, uphungu, kuyang'aniridwa ndi a zachisamaliro cha anthu. Malo osinthira ana khalidwe, monga a Chilwa konkuno ku Zomba, ndi a milandu yolemera kapena yobwerezabwereza. Tengani chiphaso chobadwira kapena buku la kusikelo lotsimikizira zaka zake, ndipo konzani kangachepe ka mankhwala ndi thiransipoti ya wovulalayo, poti nkhuyu zodya mwana zimapota akulu.